Chaka chimene ndinapempha madzi a padenga la a Mhango

Anthu akamakamba za njala ya chaka chija amatchula chilala, ine n'kumangogwedeza mutu chifukwa kufotokoza kumatopetsa. Munda wanga sunafe ndi dzuwa ayi. Unafa ndi madzi, ndipo madziwo ndinachita kukawapempha ndekha, ndi pakamwa panga pomwepa, nditavala chitenje chopitira kutchalitchi.

Tinkakhala ku Bangwe, m'munsi mwa phiri, ine ndi amuna anga, bambo a Mesi, ndi ana athu aakazi atatu. Kuseri kwa nyumba kunali munda umene anandisiyira mayi anga. Iwo anauswa okha atangofika kuchokera kumalire a Mozambiki, nthawi imene kumeneko kunali tchire la anyani. Sunali waukulu, koma chaka chabwino unkatipatsa chimanga chofika nacho Januwale, kuwonjezera nandolo ndi maungu. M'tauni munthu wodya zolima yekha amayenda mosiyana ndi anzake, ndipo ine ndinkayenda choncho.

Okutobala

Matipate anali atangolowa kumene, ndipo mawu akuti ufulu ankamveka paliponse, ngakhale m'minibasi munthu akamakana kusendera. Kwacha inagwa. Fakitale ya ku Limbe kumene bambo a Mesi ankagwira ntchito inachotsa anthu, iwo n'kukhala m'gulu lomwelo. Dzinja lapitalo mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula, moti zimene tinakolola zinatha mu Ogasiti. Ndinachiona ndi maso angawa chikupota masamba n'kuuma chili chiimire, ndipo kuchokera pamenepo dontho lililonse logwera kwa wina ndinkalichitira nsanje.

Kumtunda kwa munda wanga, m'mbali mwa phiri, kale kunali mitengo, ndipo munthu sankayerekeza kudulako ngakhale mpini. Chaka chimenecho atcheya a m'dera lathu anayamba kugawako mapuloti, kuyeza ndi mapazi, malire ake mwala ndi chitsa. Mitengo inathera m'mauvuni a njerwa. Woyamba kumaliza nyumba anali a Mhango, bambo wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma, munthu waulemu wopereka moni ngakhale kwa ana. Nyumba yawo inali yaikulu, denga la malata, bwalo lonse simenti yokhayokha.

A Mhangowo analemba bambo a Mesi ganyu yokumba dzenje. Pulani ya nyumba yawo inkati madzi onse a padenga ndi a pabwalo azilowa m'dzenje lakuya lodzaza miyala, n'kumira pansi pomwepo osatuluka pa puloti. Dzenje lotero amalitcha sokawe. Amuna anga atandifotokozera zimenezi tikudya, mbamu inaima m'manja.

"Madzi onsewo kuwakwirira pansi, ife kuno chimanga chikuuma?"

"Ndi mmene yanenera pulani."

"Pulaniyo ili ndi ana? Auzeni mukumbe ngalande, madziwo atsikire m'munda mwathu."

"Mayi a Mesi," anatero iwo, "madzi a padenga si a pampopi ayi. Alibe potsekera."

Ndinawaseka. Ndinati munthu amene wakhala zaka zonsezi akulongedza makatoni angandiuze chiyani za kumunda. Lamlungu titaweruka ku mapemphero ndinakwera ndekha kwa a Mhango.

"Mama, mukutsimikiza?" anandifunsa. "Pulani ikuti sokawe. Ine sindifuna kuyambana ndi maneba."

"Abwana, kuyambana kwake kuti? Ndikupempha ndine. Inu madziwo mukutaya, ine ndikuwafuna."

Anayang'ana kumunsi kumene kunali munda, n'kuyang'ananso ine, kenako anati ngati ndi choncho palibe vuto. Ngalande inali yotchipa kuposa dzenje ndi lole ya miyala, ndiye nawonso anapepukidwa. Bambo a Mesi anaikumba masiku anayi, yowongoka bwino, kuchokera pakona ya mpanda wa a Mhango mpaka pamzere woyamba wa munda wanga. Ndinkawapititsira madzi akumwa ndikuimba.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pang'ono, yongozimitsa fumbi, ndipo anzanga anadikira. Koma denga la a Mhango linasonkhanitsa kamvula kameneko n'kukatsitsira m'mizere mwanga, nthaka inanyowa bwino, ndipo ndinabzala sabata yathunthu anthu asanayambe. Chinamera chonse. Kenako kunachita ng'amba, cha ena chikufota, changa chili biriwiri.

Ndinanyada, sindibisa. Mayi a Dalitso, aneba anga amene nyumba yawo ya zidina inali m'mphepete mwa munda, ankaima pamalire n'kumati, "Asisi, koma inu muli ndi mutu!" Ine n'kumayankha kuti mutu aliyense ali nawo, kusiyana kwake ndi kagwiritsidwe. Ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudzitsina.

Feteleza anali atakwera mtengo moti anthu ankagula wa m'kambale ngati mchere. Ine ndinati chaka chino n'changa. Tinagulitsa wailesi ndi njinga ya bambo a Mesi, n'kugula thumba lathunthu.

Disembala

Chimene sindinachiganize n'chakuti ngalande sidziwa mwini wake. Kumtunda nyumba zinkaphuka ngati bowa. Munthu akafolera denga, mvula ikagwa, madzi ake ankalowa kwa mnzake wa kumunsi, n'kuyamba kutukwanizana. Ndiye wina anaona kuti pali ngalande yokumbakumba, yotsetsereka bwino, ndipo analumikiza yake. Wachiwiri analumikiza kwa woyambayo. Malole obweretsa njerwa anali atapanga msewu wotsika phiri molunjika, ndipo madzi a mumsewumo nawo wina anawakhotetsera momwemo ndi khasu.

Ndinazindikira tsiku lina nditapeza mizere iwiri yoyambirira yadulidwa pakati. Ndinatsata ngalande kukwera nayo phiri, ndikuwerenga madenga othira madzi m'menemo. Anakwana asanu ndi anayi. Pa nyumba ina ndinapeza bambo akuponda matope ndi anzake awiri.

"Bambo, ngalandeyi anakumba ndi amuna anga. Mwalumikiza ndi chilolezo cha ndani?"

Sanaweramuke n'komwe. "Si inu mayi munapempha madzi aja? Bangwe yense akudziwa. Ife tikungokuthandizani."

Anzake aja anaseka. Ndinatsika, koma kwa amuna anga ndinangoti ngalande ija ikufunika kuikamo miyala. Anakaikamo osafunsa chifukwa.

Januwale

Theka lotsala la feteleza tinathira Lolemba ndi Lachiwiri, kachitsekero ka botolo pa phando lililonse, chimanga chitafika m'chifuwa. Lachitatu masana kunatentha modabwitsa, kenako phiri linabisika. Ndinali pakhonde ndikusadzula nkhwani. Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu, ndipo pasanapite nthawi ndinamva phokoso kumtunda, ngati lole ikutsitsa miyala.

Madzi ake anali ofiira, atanyamula zidutswa za njerwa, mapulasitiki, chidebe cha munthu, ndi zochokera m'zimbudzi zosefukira. Ndinathamangira m'munda ndi khasu, ngati kuti khasu likanachitapo kanthu. Chimanga chinkagwa mzere ndi mzere ine ndikuona. Bambo a Mesi anandigwira m'chiuno n'kundikokera kunja ndikukuwa, madzi atandifika m'mawondo.

Mvula itakata, pakati pa munda panali chigwembe chochokera kumtunda mpaka kukamtsinje ka kumunsi. Mbali zonse chimanga chinagona, mizu pamtunda. Feteleza yense anali atapita, wailesi ndi njinga zomwe. Anthu odzaona ankanong'onezana kuti kwadutsa Napolo. Koma ine Napolo ameneyo ndinkamudziwa kumene anachokera ndi amene anamuitana.

M'mawa mwake tinatolera matumba akale, tinawadzaza dothi n'kutseka ngalande pamene inkalowera m'munda. Sindinaganize za kumene madziwo angapite, ndinkangofuna achoke kwa ine. Mvula yotsatira madziwo anakhota n'kutsata malire, mpaka m'nyumba mwa mayi a Dalitso. Khoma la mbali yophikira linafewa n'kugwera m'kati. Munthu sanavulale, koma kaufa kawo konse kanasanduka phala lamatope.

Anabwera pakhomo panga atanyowa, mwana kumsana. Sanakuwe.

"Asisi, madzi anu aja abwera kwathu. Bwerani mudzawatenge."

Nkhani inapita kwa atcheya. Tinawapeza akutafuna mtedza, ndipo anatimvera akutafunabe. Ine ndinati aitane eni madenga onse, aliyense akumbe dzenje pa puloti yake.

"Amayi, nthawi ino ndi ya ufulu," anatero. "Ndingamukakamize bwanji munthu kumwa madzi a padenga pake? Komanso munda ndi nyumba, chachikulu ndi nyumba. Matumba aja achoke, madzi apite kumene anaitanidwa."

Ndinawachotsa ndi manja angawa, mayi a Dalitso ataima poteropo kuonetsetsa kuti latsala thumba kapena ayi. Sindinawade. Ndikanakhala ine ndikanaimanso chimodzimodzi.

Febuluwale

Mwezi umenewu njala inali ya aliyense. Kudepoti ya chimanga ku Limbe tinkalawira m'mamawa, kupeza mzere wafika kale kumsewu. Ankagulitsa mongolawitsa, munthu aliyense muyeso umodzi, ndipo nthawi zambiri chinkatha ndisanafike pawindo. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati malole ali panjira, ena ankati chimanga chimatulukira kukhomo la kuseri kupita kwa mavenda. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamsika chinalipo, pamtengo wosintha m'mawa ndi madzulo. Tinayamba kugula ufa wa m'timapepala tating'ono, wongokwana kuphika kamodzi, kenako tinatsikira ku madeya. Tinkadya kamodzi patsiku, cha kumadzulo, ndiwo yake chisoso chothira mchere basi.

Aneba ena anatumiza ana kumudzi. Ena anazula malata a pakhonde n'kugulitsa. Bambo a Mesi ankaphwanya miyala m'phiri n'kugulitsa kwa omanga, zala zonse zitang'ambika. Mwana wanga wamng'ono anasiya kusewera, ankangokhala pansi n'kumatiyang'ana m'manja.

Mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti lamulo la madzi a pa puloti lilipo, ndipite ku ofesi yoona za mapulani m'tauni. Ndinayenda wapansi, ndalama ya minibasi inali ya ufa. Ndinadikira pabenchi mpaka masana, kenako anandilowetsa kwa bambo wina wa magalasi amene anandimvera bwinobwino mpaka kumapeto.

"Lamulo lilipodi, mayi," anatero. "Womanga aliyense asamalire madzi a pamalo pake, asawononge za mnzake. N'chifukwa chake timafuna tione pulani munthu asanayike njerwa."

Mtima wanga unakhala ngati ukubwerera m'malo. Anatambasula mapu patebulo n'kundiuza ndiloze. Sindidziwa kuwerenga mapu, ndiye ndinafotokoza za phiri ndi kamtsinje, iye akuyendetsa chala.

"Malo mukunenawa pano ndi nkhalango. Nyumba zimenezo kwa ife kulibe."

"Nanga madzi ake aliko kapena kulibe?"

Sanaseke. Anati galimoto ya ofesi ilibe mafuta, koma akapeza mpata adzabwera. Anati ngakhale munda wangawo pamapupo palibe. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa kuchokera kunyumba.

"Ngalande yoyambayo anakumba ndani?"

Ndinamuuza zoona. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, mwachisoni ndithu, n'kuyamba kupinda mapu ake. Ndinabwerera wapansi, ndipo mvula inandipeza pa Chichiri. Ndinkayenda ndikudziwa chimene inkachita kumunda kwanga nthawi yomweyo.

Malichi

Mvula sinapume. Ikagwa, chigwembe chinkakula, m'mbali mwake mukugumuka n'kugwera m'kati pamodzi ndi mizere. Chinafika poti munthu akalowamo ankaonekera mutu wokha. Tinayesa kuponyamo miyala, kukhoma zikhomo, kubzala nthochi m'mphepete. Mvula imodzi yokha inkachotsa ntchito ya sabata.

Tsiku lina a Mhango anatsika okha, atapinda buluku, atanyamula ndowa ya ufa. Anaima m'mphepete mwa chigwembe nthawi yaitali.

"Mama, pepani chomene. Ndikanakana tsiku lija. Sokawe ija ndikumba tsopano, mwezi uno."

"Kumbani, abwana," ndinatero. "Atsala madenga angati?"

Tonse awiri tinkadziwa kuti nthawi imeneyo anali atapitirira khumi. Dzenjelo anakumbitsadi, munthuyo sanali wabodza, koma kumunda sikunasinthe kanthu. Ufa uja ndinalandira ndi manja awiri, ndikugwada. Ndinkafuna munthu woti ndimutukwane, koma amene anabwera anali wopepesa.

Amuna anga nawo sananene ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani. Ndinkadikira mawu amenewo tsiku ndi tsiku kuti tikangane, ndilire, zithe. Iwo ankangobwera kuchokera kumiyala, kusamba m'manja, kudya kambamu kawo n'kusiyira ana kotsala. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa njala.

Epulo

Anthu anayamba kudya zamondokwa, nkhope zinayamba kubwerera. Mvula imene inandipha ine inawachitira bwino ena, ndipo amene ankadikira kubzala aja anakolola ndithu. Njala ya chaka chimenecho inali ya tonse mpaka Malichi. Kuyambira Epulo inali ya pakhomo pathu pokha, ndipo njala ya wekha ndi yoipa, chifukwa sungadandaule pa chitsime anzako akukamba za nkhokwe.

Tinakolola kangodya kamodzi kakumtunda kamene madzi anakaphonya. Zonse zinakwana m'thumba limodzi, losadzaza. Komabe ndinachita zimene mayi anga ankachita chaka chilichonse. Ndinasankha zisononkho zonenepa, ndinazimanga ndi makoko ake n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Chinali chimanga cha makolo, cholimba pokonola, mbewu imene mayi anabwera nayo kuchokera kwawo.

Julayi

Madzi atauma, anasiya mchenga. Kumunsi kwa munda, kumene nthaka inali yakuda ndipo maungu ankabereka mosasamala, kunali mchenga woyera wofika m'chiuno. Tsiku lina kuli chiperoni kunabwera munthu ndi wilibala.

"Mayi, mchengawu ndi wanu? Ndi wabwinotu, wa pulasitala weniweni. Mukupanga bwanji wilibala?"

Ndinamuthamangitsa. Ndinati pano ndi pamunda, si pamtsinje. Patapita masiku atatu thumba lija linafika pansi, ndipo ndinatuma Mesi kukamufunafuna.

Ndi mmene ndinayambira kugulitsa mchenga. Ndinkaukumba ndi fosholo yobwereka, kuusefa, kuunjika milu, mawilibala n'kumakwera nawo phiri. Ndinkadziwa bwino kumene ukupita. Wilibala iliyonse inkasanduka khoma, kapena bwalo lina la simenti, ndipo bwalo lililonse linali madzi ena a chaka chamawa. Ndinkadziwanso kuti ndikamakumba, m'mbali mwa chigwembe mukugumuka kwambiri. Koma madzulo ana ankadya. Sabata yachiwiri mayi a Dalitso anabwera ndi beseni n'kuyamba kukumba pambali panga. Anali ndi khoma loti amange. Sindinawaletse, ndipo kuyambira pamenepo tinayambanso kupatsana moni.

Bambo wa magalasi uja sanabwere. Sindikuganiza kuti anaiwala, ndikuganiza kuti mafuta sanapezeke.

Okutobala

Kunatentha, mitambo inayamba kusonkhana paphiri, ndipo anthu anatulutsa makasu. Nanenso ndinadzuka m'mawa wina n'kupita kukagalauza, poti thupi linazolowera. Ndinayamba ndi kangodya kaja. Khasu linalira pamwala. Ndinasuntha, linaliranso. Dothi limene mayi anga analidyetsa mapesi ndi manyowa zaka zonse zija linali litapita, kutsala lofiira lolimba ngati njerwa, kenako chigwembe, kenako maenje amene ndinakumba ndekha. Ndinazungulira munda wonse kufuna poti ndiunde mizere ingapo yokha. Kumtunda ankakhoma malata pa nyumba zina ziwiri.

Ndinabwerera kunyumba, ndinakwera pampando n'kutsitsa zisononkho zija. Ndinazitonola ndekha m'lichero. Bambo a Mesi anandipeza ndikumaliza, anayang'ana lichero, anayang'ana ine, n'kukhala pansi pakhomo.

Kuchigayo mzere unali waufupi. Bambo woyendetsa chigayo anatapa m'manja, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Mayi, ichitu chikununkha utsi. Si chambewu chimenechi?"

"Gayani."

"Mvula ili pafupitu, mayi. Mubzala chiyani?"

"Ndati gayani, bambo."

Anathira. Sichinatenge nthawi, chinali chochepa. Ufawo tinadya masiku awiri, ndipo ana anati nsima yake ikukoma kuposa ya masiku onse. Mvula yoyamba inagwa Lachisanu lotsatira. Ndinamva aneba akuitanizana ndi makasu panja, ine ndili m'nyumba, chitseko chotseka.